Tifunseni: Sitima ya ku eyapoti adzaikwera ndani?

Mwezi uno makalata ambiri amene alowa akuzungulira nkhani imodzi, ya njanji ndi malo a mbali ya Kanengo mpaka ku Lumbadzi. Ena mwamva kuti kudzabwera sitima yopita ku eyapoti ndiye mukufuna kugula malo msanga, ena mukuopa kusamutsidwa, ena mukuopa kutha kwa ntchito. Ndasankhamo asanu, maina sindiika monga mwa nthawi zonse.

Funso: Ankolo, ine ndili ku Joni kuno koma kwathu ndi ku Lilongwe. Pali mkulu wina akunditsatsa puloti kufupi ndi Lumbadzi, akuti ndigule changu chifukwa kudzadutsa sitima yopita ku eyapoti ndiye malo adzakwera mtengo ngati mmene zilili ku Sandton. Zithunzi wanditumizira, malowo ndi abwino ndithu, athyathyathya. Nditumize ndalama? *Mphwanu wa ku Joni*

Yankho: Mphwanga, ndalamazo zigwire kaye, unazivutikira.

Udziwe kuti lero lino palibe njanji yofika ku eyapoti ya Kamuzu International Airport (KIA). Njanji imene tili nayo kuno ndi ija inachokera ku Salima nkufika pa Kanengo mu 1979, kenako nkupitirira ku Mchinji mu 1980, dziko la Canada ndi limene linathandiza, ndipo mu 2010 anailumikiza ndi Chipata ku Zambia. Ntchito yake ndi yonyamula katundu. Sitima za anthu zimayenda kummwera uko, Limbe, Balaka mpaka ku Nayuchi kumalire ndi Mozambique. Kuchoka pa Kanengo kukafika ku eyapoti pali mtunda wopitirira makilomita 10 ndipo sipanayalidwe olo chitsulo chimodzi.

Koma tiyerekeze kuti tsiku lina idzamangidwa, ine ndimalakalaka itamangidwa ndithu. Chimene mkulu wakoyo sakukuuza nchakuti malo sakwera mtengo chifukwa choti njanji yadutsa pafupi, amakwera chifukwa cha siteshoni. Sitima si minibasi yoti ungokweza dzanja paliponse nkuima. Ngati puloti yako ili mamita 50 kuchoka pa njanji koma siteshoni ili makilomita 4, chimene wagula ndi phokoso ndi kunjenjemera kwa mawindo basi. Anthu a mapulani a mizinda amawerengera mtunda umene munthu angayende wapansi kwa mphindi 10 osadandaula, ndiye kuti pafupifupi mamita 800 kuzungulira siteshoni. Mkati mmenemo ndi mmene muli phindu, ukatulukamo phindu limatsika msangamsanga.

Ndiye mkuluyo umufunse kuti siteshoniyo idzakhala pati, ndipo pepala losonyeza zimenezo lili kuti. Osati chithunzi cha pafoni ayi, pulani yochokera ku khonsolo ya mzinda kapena ku unduna wa za malo. Mbali ya Lumbadzi malo ake ndi osakanikirana, ena ali pansi pa mzinda, ena ndi a eyapoti amene amayang'anira a Airport Developments Limited, ena ndi a mafumu ndipo mbali ina ukuponda kale m'boma la Dowa. Tuma m'bale wako wodalirika akapondepo yekha pamalopo, kenako apite ku Lands akafufuze ngati pali lizi, ili m'dzina la ndani, komanso malowo anawalemba kuti ndi a nyumba, a mafakitale kapena a msewu. Choopsa kwambiri nchakuti puloti imene akuti "sitima idzadutsa pompano" ikhoza kukhala pamzere weniweni wa njanjiyo, ndiye m'malo molemera udzakhala ukuthamangira chipukuta misozi, ndipo ngati unamanga popanda chilolezo nkhani yake imavuta zedi.

Za Sandtonzo uzione bwino poti uli komweko. Sitima ya Gautrain inayamba mu June 2010, kutatsala masiku ochepa kuti mpira wa World Cup uyambe, ndipo imatenga pafupifupi mphindi 15 kuchoka ku eyapoti ya OR Tambo kufika pa Sandton. Koma Sandton inali kale ndi maofesi, mabanki ndi mahotela sitimayo isanabwere, sitima inangowonjezera moto. Tsiku lina ukakhala pa ofu ukatsike pa Rhodesfield, siteshoni imene ili pafupi penipeni ndi eyapoti, uyende wapansi kuzungulira uone ngati pakufanana ndi Sandton. Njanji ndi yomweyo koma malo awiriwa sanakule mofanana.

Funso: Ankolo, ine ndimakhala ku Area 25, ndimagwira ntchito yokonza m'maofesi mbali ya ku eyapoti. Ndimadzuka kusanache, maminibasi awiri popita awiri pobwera, malipiro ambiri amangothera thiransipoti. Anzanga akuti sitima ikabwera zinthu zidzasintha koma ine ndikuona ngati izi nza mabwana okwera ndege. Ife osaukafe zikutikhudza pati? *Mayi wa ku 25*

Yankho: Amayi, mwa makalata onse lanuli ndi limene landigwira mtima, chifukwa zoona zake nzakuti popanda inu sitimayo singayende.

Inu mumagwira ntchito komweko ndiye mukudziwa bwino kuposa ine. Ndege zotera pa KIA pa tsiku si zambiri, nthawi zambiri zimathithikana chakumasana, Ethiopian, Kenya Airways, Airlink ndi Malawi Airlines, kenako bwalo lili zii. Ndipo amene atsika ndegewo ambiri galimoto imakhala ikuwadikirira kale panja, ya ofesi, ya hotela kapena ya achibale. Sitima kuti ipeze ndalama ya mafuta, ya ogwira ntchito ndi yokonzera njanji imafuna anthu tsiku ndi tsiku, mmawa, masana, madzulo, Lolemba mpaka Lamulungu. Anthu amenewo ndi ndani? Ndi inuyo, ndi alonda ndi onyamula katundu a pa eyapoti, ndi a m'mafakitale a ku Kanengo, ndi chikhamu chija chimadzaza ku okushoni nyengo ya fodya, ndi ana a sukulu, ndi amayi a geni amene amapikula tomato ndi mbatata mbali ya Dowa nkukagulitsa m'tauni. Wokwera ndege amakwera kamodzi pakapita miyezi, inu mumayenda ulendo umenewo kawiri pa tsiku.

Nchifukwa chake m'maiko amene zinawayendera salekanitsa pulani ya sitima ndi pulani ya nyumba. Amati transit-oriented development, mwachidule TOD, ndipo mfundo yake siyovuta ayi, nyumba, ntchito ndi msika zikhale pafupi ndi siteshoni moti munthu safunikanso galimoto. Tangoganizani mwatsika sitima madzulo. Mukangotuluka pageti msika uli pomwepo, mwagula ndiwo ndi makala, pambali pali chipatala chaching'ono ndi sukulu ya mkaka kumene mwatenga mwana, mwayenda mphindi 7 kapena 8 m'kanjira kowaka bwino, kokhala ndi ngalande yoti mvula ikagwa simuvula nsapato, magetsi akuwala moti simukugwira chikwama ndi manja awiri, mwafika pakhomo. Nyumbazo si za mpanda wautali chimodzichimodzi ayi, ndi midadada ndi zosanjikizana kawiri katatu, pansi mashopu pamwamba anthu, kuti anthu ambiri akwane mkati mwa mamita 800 aja. Pakakhala anthu ambiri sitima imadzaza, ikamadzaza imabwera pafupipafupi ndipo mtengo umatheka kutsika.

Mzinda wathu uno anaujambula mosiyana ndi zimenezi. Pokonzekera kuti ukhale likulu, zimene zinachitika mu 1975, anaugawa zigawo zinayi zondondozana kuchoka kummwera kupita kumpoto, Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi, pakati pake nkusiya tchire ndi mitengo. Ndi wokongola inde koma anaganizira munthu wa galimoto, wosauka anamuika kutali ndi ntchito yake ndipo mpaka lero ndi amene amalipira mtunda umenewo, ndi ndalama komanso ndi tulo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda muno ndipo ambiri mwa iwo alibe galimoto. Komabe m'kujambula komweko muli mwayi umene mizinda ina ilibe, zigawo zinayizo zili pamzere umodzi ndipo eyapoti ili kumapeto kwake, ndiye njira imodzi yokha ya sitima kapena ya mabasi akuluakulu ikhoza kuzilumikiza zonse. Ine zimandipweteka kuti mwayi umenewu tikungouyang'ana pamene malo a pakatiwo akutha ndi mapuloti.

Kumanga njanji nkuiwala anthu zinachitikapo kale. Ku Abuja, likulu la Nigeria, anatsegula sitima yolumikiza eyapoti ndi mzinda mu 2018, yokongola kwabasi, koma masiteshoni ambiri anali kutali ndi kumene anthu amakhala ndipo misewu yabwino yofikirako kunalibe. Inaima mu 2020 nthawi ya Covid, inadzayambanso mu 2024. Pamene ku Hong Kong, potsegula eyapoti yatsopano mu 1998 anamanganso tauni ya Tung Chung pafupi pake yokhala ndi nyumba zambiri za boma za lendi, ndipo anaika sitima za mitundu iwiri, Airport Express yodula ya okwera ndege ndi ina yotsika mtengo yoima m'masiteshoni ambiri ya anthu wamba. Ife sitingafanane nawo pa chuma koma nzeru yoti wogwira ntchito pa eyapoti azikhala pafupi ndi siteshoni siyofuna mabiliyoni kuti munthu aimvetse.

Pali chimodzi chimene sindikubisirani. Walira mvula walira matope. Malo a pafupi ndi siteshoni akakoma alandilodi amakweza lendi, ndiye munthu amene sitimayo imayenera kumuthandiza ndi amene amayamba kusamuka, nkupita kutali kumene adzafunenso maminibasi awiri kuti akafike pa siteshoni pomwepo. Izi sizidzikonza zokha, zimafuna kulembedwa mu pulani kuyambira pachiyambi. Gawo la malo ozungulira siteshoni lisungidwe kuti pamangidwe nyumba za lendi yotsika, kaya ndi a Malawi Housing Corporation kaya ndi ena koma lamulo lake likhale lomveka. Madera ngati Mgona amene ali kale pafupi ndi Kanengo awakonzere pomwepo, madzi, ngalande, tinjira ndi mapepala a malo, osati kuwagumula kuti pabwere ena. Ndipo sitima yoyamba izinyamuka nthawi imene inu mumanyamuka, osati 8 koloko. Mukadzamva kuti kuli msonkhano wa mapulani kudera kwanu mupiteko amayi, mutengane ndi anzanu a kuntchito, mukanene zimenezi ndi pakamwa panu. Kumisonkhano yotere kumachuluka eni malo, a lendi samapitako kawirikawiri chonsecho ndi amene nkhaniyi imawagwera.

Funso: Bwana Ankolo, ine ndine dalaivala wa minibasi, ruti ya tauni mpaka Lumbadzi nthawi zina Mponela. Sitima ikabwera ife tidzadya chani? Ndili ndi ana anayi, kondakitala wanga nayenso ali ndi banja. *Dalaivala wodandaula*

Yankho: Adalaivala, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo sindikunamizani, sitima kapena mabasi akuluakulu zitabwera maulendo ataliatali a pa M1 adzachepa. Koma sitima imayenda mzere umodzi, singakhotere ku Nsungwi, singalowe ku Gulliver, singakatenge munthu kumudzi kuseri kwa Lumbadzi. Munthu aliyense wokhala kunja kwa mphindi 10 zija adzafuna womufikitsa pa siteshoni, ndipo ameneyo ndi inu ndi anyamata a kabaza. Maulendo afupiafupi, mafuta ochepa, matiripi ambiri, osataya maola pamzere wa magalimoto.

Koma izi zimatheka pokhapokha siteshoni aimange mokuganizirani. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri nchakuti malo abwino a pakhomo pa siteshoni amawapereka ku paking'i ya magalimoto a anthu, siteji ya maminibasi nkuikankhira kuseri pafumbi, ndiye gogo wanyamula thumba la ufa ayende mamita 300 kudutsa pakati pa magalimoto oimikidwa tsiku lonse. Galimoto imodzi yoimikidwa yabweretsa munthu mmodzi, malo omwewo minibasi itamaima nkuchoka ikhoza kutsitsapo anthu mazana pa tsiku. Siteji ikhale pageti penipeni, yokhala ndi denga, zimbudzi, mpopi ndi magetsi, a kabaza akhale ndi mzere wawo wodziwika, pakhalenso posungira njinga zakapalasa potetezeka chifukwa ambiri a ku Kanengo amapalasa. Mavenda nawonso apatsidwe mabenchi mu pulani momwemo, popeza adzabwerabe, kuli bwino kuwakonzera malo kusiyana nkumadzathamangitsana nawo.

China, musadikire kuti adzakuuzeni zitatha. Ku Johannesburg atayambitsa mabasi a Rea Vaya mu 2009 kunali mkangano waukulu ndi a mataxi, mapeto ake eni mataxi ena a ruti ya Soweto anapereka maminibasi awo nkukhala eni masheya a kampani yoyendetsa mabasiwo. Sizinali zophweka koma analowamo. Apa ndiye pamene bungwe la eni maminibasi la MOAM liyenera kukhala patebulo koyambirira, ndipo inu madalaivala ndi makondakitala muonetsetse kuti mawu anu alipo paokha, chifukwa masheya amapita kwa mwini galimoto osati kwa woyendetsa. Chanu chofunika kumenyera ndi kuphunzitsidwa ndi kuyamba kulembedwa ntchito.

Ndinenenso maganizo anga, ine ndikuona kuti chimene chingayambe kuno si sitima ayi koma mabasi akuluakulu okhala ndi njira yawoyawo, ngati amene anayamba ku Dar es Salaam mu 2016 kuchoka ku Kimara kufika ku Kivukoni. Ndi otsikirapo mtengo kumanga, ndipo amafuna madalaivala.

Funso: Ndili ndi malo anga a lizi ku Lumbadzi, mapepala onse alipo. Ndikufuna kumanga ma flat osanjikizana kanayi kuti ndizichititsa lendi, koma wina wandiuza kuti pafupi ndi eyapoti saloleza nyumba zazitali. Ndi zoona? *Mayi wabizinesi*

Yankho: Achemwali, ndi zoona pang'ono, zimatengera malo anuwo ali mbali iti ya msewu wa ndege. Msewu umene ndege zimathamangapo pa KIA ndi wautali kupitirira makilomita atatu ndipo unagona kuchoka kumpoto chakumadzulo kupita kummwera chakum'mawa. Kumapeto kwake kuwiriko ndi kumene ndege zimadutsa motsika potera ndi ponyamuka, ndiye kumeneko malire a kutalika kwa nyumba ndi okhwima kwambiri ndipo phokoso ndi kumene lili lalikulu. Cham'mbali, mukamatalikira, malirewo amanka nakwera. Malamulo amenewa amachokera ku bungwe la dziko lonse loona za ndege la ICAO, ndiye kupatula chilolezo cha mapulani anu mufunikanso mawu a akuluakulu oona za ndege kuno kwathu. Powerengera kutalika musaiwale thanki ya madzi ndi mlongoti wa pamwamba pa denga, nazonso zimawerengedwa. Funsani musanakumbe fawundeshoni.

Apa ndi pamene siteshoni ya pafupi ndi eyapoti imasiyana ndi masiteshoni ena. Kwina konse timati panikizani nyumba zambiri pafupi ndi siteshoni, koma pano muyenera kusankha choika pati. Kumene kuli phokoso kukhale mawerehausi, mafiriji akuluakulu osungira masamba ndi zipatso zopita kunja, magalaji, maofesi a okiliyalitsa katundu. Nyumba zogona, sukulu ndi chipatala zipite cham'mbali kumene ndege sizidutsa pamutu, mwana sangaphunzire mphunzitsi akumaima kaye kudikira ndege idutse. Lero ndege nzochepa ndiye munthu angaone ngati palibe vuto, koma nyumba mukumangayo idzakhalapo zaka 50.

Ndipo zinyalala. Anthu akachuluka zinyalala zimachuluka, dzala limaitana akhwangwala ndi akabawi, mbalame ikalowa mu injini ya ndege ndi ngozi. Malangizo a ICAO amati malo otaya zinyalala ndi zina zokopa mbalame ziziunikidwa bwino mkati mwa makilomita 13 kuzungulira eyapoti, ndiye Lumbadzi yense ali mkati mmenemo. Ma flat anuwo akhale ndi posungira zinyalala potsekedwa komanso pangano ndi owola, osati dzenje kuseri. Utsi wa mauvuni a njerwa nawonso si wabwino pafupi ndi njira ya ndege. Kupatula apo ganizo lanu ndi labwino kwambiri, nyumba za lendi zosanjikizana ndi zimene dera limenelo likusowa, makamaka mutaikamo zina za chipinda chimodzi kapena ziwiri zoti mlonda ndi kalaliki angakwanitse.

Funso: Ankolo, ndine wophunzira pa koleji ina muno mu Lilongwe. Zonse mukunenazi nzabwino koma dziko lathu forex ikuvuta, mankhwala m'zipatala akusowa. Ndalama ya sitima ichokera kuti? Si maloto chabe awa? *Mtsikana wofuna kudziwa*

Yankho: Mwanawe, wafunsa bwino. Ndalama yomangira njanji yatsopano ya anthu lero ndi yovuta, ndipo ngakhale imene ilipo ya pa Kanengo siyongoikapo mabogi a anthu mawa. Ndi njanji ya mzere umodzi, ya mulifupi mwa mamilimita 1,067, inaperekedwa m'manja mwa kampani kuyambira mu 1999 pamene kampani ya Central East African Railways (CEAR) inaitenga, pano ndi Nacala Logistics, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi katundu. Kuti sitima za anthu ziziyenda pafupipafupi pafunika malo opatukirana, zizindikiro, mipanda, podutsira anthu potetezeka komanso mgwirizano ndi kampaniyo.

Koma gawo lofunika kwambiri la nkhaniyi silifuna forex. Ndi kujambula mzere pamapu nkunena kuti apa padzadutsa njira, apa ndi apa padzakhala masiteshoni, pasamangidwe chilichonse chokhalitsa. Malo amenewo lero akadali minda ndi tchire m'mbali zina, kuwasunga ndi zotsika mtengo. Tikachedwa zaka 15 padzakhala nyumba, matchalitchi ndi mafilling station, ndiye ndalama imene ikanagula njanji idzathera chipukuta misozi ndi milandu kukhoti, anthu nkugumulidwa nyumba zimene anamanga ndi thukuta lawo. Aliyense amene waona ntchito yokuza misewu muno mu Lilongwe akudziwa mmene kusuntha mapaipi, mapolo ndi mipanda kumachedwetsera zinthu. Pamzere wosungidwawo mutha kuyamba ndi mabasi, anthu nkumanga mozungulira masiteji, okwera akachuluka njanji nkudzabwera pamalo pomwepo.

Ndipo malowo akhoza kulipira gawo la sitimayo. Ku Hong Kong kampani ya sitima ya MTR imapatsidwa ufulu womanga pamwamba ndi pozungulira masiteshoni pa mtengo wa malo wa sitima isanabwere, imagwirizana ndi omanga nyumba ndi mashopu, phindu la kukwera mtengo kwa malowo nkuthandiza kulipira njanji. Kuno malo ambiri a mumzinda ndi a boma amene limapereka pa lizi, ndiye chida chili kale m'manja. Chosafunika ndi kugawa malo a pa siteshoni ngati mapuloti wamba, aliyense nkumangapo nyumba imodzi ndi mpanda wa njerwa, phindu lonse lobwera ndi ndalama za misonkho ya tonsefe nkulowa m'thumba mwa anthu owerengeka. Apa ndi pamene ine ndimaopa kwambiri. Pulani ikakhala yachinsinsi, oidziwa ndi amene amathamangira kukagula malo kwa anthu a m'midzi pa mtengo wozizira iwo asakudziwa kanthu. Mankhwala ake ndi kuika mapu poyera tsiku limodzi kwa aliyense, pakhonsolo, kwa mafumu, pa wailesi m'Chichewa ndi pa intaneti.

Mapepala oyambira alipo kale. Mu 2010 a JICA a ku Japan anathandiza kupanga pulani ya kakulidwe ka mzinda uno yofika 2030, a ku Japan omwewo anathandiza kukuza nyumba ya pa eyapoti ntchito imene inatha mu 2019, tili ndi lamulo la mapulani la Physical Planning Act la 2016, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amene anakhazikitsidwa mu January 2021 anaika kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Chaka cha 2030 chayandikira, kutanthauza kuti pulani ya mzinda iyenera kuunikidwanso, ndipo mzere wa Kanengo mpaka eyapoti ndi malo a masiteshoni ziyenera kulowa mmenemo.

Iwe poti uli pa koleji, ukafuna mutu wa kafukufuku tenga umenewu. Pita pa Kanengo mmawa ndi anzako atatu anayi, muime pa siteji kuyambira 5 koloko mpaka 8, muwerenge anthu otsika maminibasi, apanjinga ndi oyenda pansi, muwafunse akuchokera kuti, alipira zingati ndipo anyamuka nthawi yanji. Mukachitenso chimodzimodzi pa Lumbadzi ndi pamphambano yokhotera ku eyapoti. Kenako muyende wapansi mphindi 10 mbali zonse zinayi kuchoka pa siteshoni ya Kanengo, mulembe zimene mwapeza, pamene pali mpanda wotchinga njira, pamene palibe podutsa, pamene pali malo opanda kanthu. Zimenezo mukazipereke kwa khansala wa dera ndi ku ofesi ya mapulani ya khonsolo, ndipo kope ina munditumizire kuno tidzaisindikize.